Chifukwa chake bream zanu zasiya kudya mu June

Mayi wina wa ku Chongwe wanditumizira imelo kufunsa chifukwa chake nsomba za bream za m'dziwe lake zasiya kudya chiyambireni June, ndiponso ngati nsomba za m'nyanja zakuya monga Tanganyika zimavutika chimodzimodzi.

Mayi, musade nkhawa, chifukwa kawirikawiri amenewa si matenda. Thupi la nsomba limafunda kapena kuzizira motsatira madzi amene ilimo, mosiyana ndi mbuzi kapena nkhuku. Bream imadya ndi kukula bwino madzi akakhala pa madigiri 27 mpaka 30, koma akatsika kufika cha pa 16 chakudya chimachedwa kugayika m'mimba moti njala imatha, ndipo akayandikira madigiri 10 nsomba zimayamba kufa. Usiku wa June ndi July kuno ku Lusaka umaziziritsa msanga dziwe losaya, choncho chepetsani chakudya ndipo muzizipatsa masana dzuwa litakwera, pakuti chotsala chimawolera pansi n'kumaliza okosijeni, mpweya umene nsomba zimapuma m'madzi. Mu October vuto limatembenuka, popeza madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa pamene nsomba zikufuna wambiri, ndipo n'chifukwa chake mumaziona m'mamawa zili pamwamba, kukamwa kuli yasa.

Ku Tanganyika kuzizira si vuto lalikulu, chifukwa ngakhale pansi pake madzi satsika kwenikweni pa madigiri 23. Chovuta ndi kulemera kwa madzi, kumene kumawonjezeka pa mamita 10 alionse mofanana ndi kulemera konse kwa mpweya umene umatipanikiza ife pamtunda. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba kamene kamazithandiza kuyandama. Kwa bream ndi chambo kathumbaka n'kotseka, moti mpweya umalowa ndi kutuluka kudzera m'magazi, pang'onopang'ono. Msodzi akakoka mofulumira nsomba yotere kuchokera pa mamita 30, mpweyawo ungafufume mpaka kanayi, mimba n'kutupa, maso n'kutong'oka. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 1,470, koma nsomba zimangokhala m'madzi a pamwamba, pakuti kupitirira mamita pafupifupi 200 okosijeni kulibe.

Chimene ndikupempheni kwambiri, mayi, n'chakuti mukadzagula ana a nsomba nyengo ikafunda musadzawakhuthulire m'dziwe nthawi yomweyo. Yandamitsani kaye thumba lawo pamadzipo kwa mphindi 20, kenako muzithiramo madzi a m'dziwe pang'onopang'ono mpaka nsombazo zitatuluka zokha.