Za mndandanda wa ngongole womata pa bolodiwo

Achemwali, ndawerenga zanuzi, zoti koleji yanu yamata pa bolodi mndandanda wa ophunzira osamaliza fizi, mtima wandiwawa ngati zachitika dzulo. Ifenso adatimata chimodzimodzi mu 2022, ndili chaka chachitatu pa koleji ina konkuno ku Mzuzu. Pepala la osamaliza fizi: dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, ndalama zotsala, ndi nambala ya foni ya kholo, ija timalemba pa fomu polowa. Lidakhala pa bolodi sabata yathunthu. Wina adalijambula n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, basi lidayenda lokha.

Lachinayi amayi anga ku Ntcheu adalandira foni. Bambo wolankhula mwaulemu, akutchula dzina langa lonse, kosi yanga, ndi ngongoleyo osaphonya ngakhale kwacha imodzi. Akuti mwana wanu salemba mayeso mawa mukapanda kutumiza lero, nambala ya akauntanti ndi iyi. Amayi adayesa kundiimbira kangapo, ine foni yathima, magetsi ku Chibavi adazima kuyambira m'mawa. Adagulitsa mbuzi ziwiri pa mtengo wolira, ina ili ndi bere, n'kuthamangira kwa ejenti. Madzulo ndikuyatsa foni, iwo akuimba, mawu ali myaa: "Mwanawe ndatumiza, ukalembe bwino." Ndidangokhala pansi pakhonde, mvula ikuwaza miyendo. Ndidayankha kuti zikomo amayi. Zoona zake ndidawauza patapita masiku atatu.

Nditapita ku ofesi, mayi wa pa desiki sadadzutse n'komwe mutu. Akuti mukadalipira fizi dzina lanu silikadapezeka pamenepo. Tamvani zimenezo! Ndiye umphawi wanga ndi chilolezo choti mugawe nambala ya amayi anga kwa akuba? Ndidakuwa mpaka alonda adabwera. Pepalalo adalichotsa, koma mbuzi sizidabwerere, ndipo pepani sindidamumve mpaka lero.

Inu muli ndi mwayi umene ife tidalibe. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu kuyambira kale, koma tsopano pali Data Protection Act ya 2024, lamulo loteteza zinthu zachinsinsi za munthu zomwe ena akusunga, ndipo oyang'anira ndi a MACRA, bungwe la boma loona za mafoni, intaneti ndi mawailesi. Koleji imasunga zinthu zathu zambiri, ndiye lamuloli likuikhudza. Zomwe adatenga kuti akulembetseni sukulu sayenera kuzigwiritsa ntchito ina mwachisawawa, ayenera kuzisunga motetezeka, ndipo zikatuluka molakwika ayenera kudziwitsa a MACRA pasanathe maola 72. Mulinso ndi ufulu wofunsa zomwe akusunga zokhudza inu. Ngongole angathe kukuuzani pa potolo, tsamba lanu la pa intaneti la kukoleji, kapena kukuitanani ku ofesi, bolodi ndi ulesi chabe.

Ndiye jambulani pepalalo lisanachotsedwe, tsiku lioneke. Lembani kalata kwa rejisitala, kope lina adinde likhale lanu. Akakhala chete, kadandauleni ku MACRA, musaope munthu. Koma musakakuwe ngati ine, ndipo kunena zoona, ngati mwatsala semesita imodzi ine ndikadayamba ndagwira satifiketi m'manja, chifukwa anthu a m'maofesi aja saiwala nkhope. Lero lomwe imbirani makolo kumudzi, muwauze kuti fizi satumiza pa nambala ya munthu, olo woimbayo atatchula dzina la agogo anu.