Mnyamata akuti ulimi watha, kodi munda uno udzatidyetsanso?

Bambo wina wa ku Jali wafunsa kuti: "Alangizi, mu 2023 namondwe Freddy anakokolola mizere yonse. Chaka chotsatira chimanga chinapsa ndi ng'amba chisanamasule. Mnyamata wanga akuti ulimi watha, akufuna ulendo wa ku Joni. Kodi munda uno udzatidyetsanso?"

Bambo, za ulendowo mukambirane kunyumba, ine ndiyankhe za munda. Udzakudyetsani, koma mvula yamasiku ano siyodikira ndi khasu lokha. Imagwa yambiri tsiku limodzi, kenako zii masabata atatu. Ndiye munda wanu uyenera kusunga madzi okha.

Mukapeza mpata, mnyamatayo mupite naye ku Makoka, kufupi ndi Thondwe. Kumeneko kuli malo ofufuzira za ulimi, komwe akatswiri anadzala chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia pamalo amodzimodzi kwa zaka zambiri kuyambira 1992. Masamba a mtengowu amawakwirira m'mizere, amawola, n'kusanduka chakudya cha chimanga. Dothi lotere mukalifumbata m'manja limakhala lakuda, lofewa, lonyowa ngakhale dzuwa litawomba kwa masiku. Ng'amba ikabwera, chimanga chake chimachedwa kupinda masamba.

Koma ndisakunamizeni, chaka choyamba simuonapo kanthu. Ambiri amazula mitengoyo apa, amvekere ikungodya malo. Phindu limayamba kuoneka chaka chachiwiri kapena chachitatu. Cholakwika china ndi kuilekerera kuti italike mpaka kuphimba chimanga. Muziidula cha m'bondo, kawiri kapena katatu pa nyengo, masamba n'kukwirira, timitengo n'kupita nato kukhitchini. Amayi apumulako ulendo wa nkhuni.

Podikira mitengoyo, nandolo asasowe m'munda, poti mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo amapirira chilala. Pomwe madzi anang'amba munda, ikani akalozera, dzalanipo udzu wa vetiva, ndipo mizere muitseke kuti madzi aime n'kulowa pansi. Mapesi musatenthe ayi, ngakhale mbewa zikukopeni bwanji.

Nazale ya gliricidia muyambe mu Seputembala kapena Okutobala kuti mbande zidzakhale zokonzeka mvula ikakhazikika. Za mbewu yake funsani mlangizi wa m'dera lanu. Musayambe ndi munda wonse. Mnyamatayo mumudulire kachigawo kake, kaya mizere 20, ayese yekha, ndipo zokolola za pamenepo zikhale zake.