Bulubuku ili m'dzina la mlamu wa ku Joni, ndipereke ndalama?

Achemwali, mwalemba kuti mwangotenga kumene laisensi, mwasunga K9 miliyoni, ndipo mwaona Toyota Passo pa Facebook pamtengo wotsika kuposa zinzake. Wogulitsayo akuti galimoto ndi yake koma bulubuku ili m'dzina la mlamu wake amene ali ku Johannesburg. Akufuna theka la ndalama sabata ino, zosintha umwini muzaona pambuyo. Mukufunsa ngati kalata yosainirana pamaso pa mboni ingakutetezeni.

Musapereke. Kalatayo ingakupatseni mphamvu yomusumira munthuyo, koma singakupatseni galimoto.

Lamulo la malonda a katundu, la Sale of Goods Act, lili ndi mfundo imene imaliritsa anthu ambiri m'maofesi mwathu: munthu sangakugulitseni umwini umene iye alibe. Kupatula pa zochitika zochepa, ngati wogulitsa si mwini ndipo mwiniwake sanamutume, inu mwagula mphepo, ngakhale munalipira ndalama zonse ndi mtima woyera. Mlamu uja akadzatsika basi mu Disembala n'kunena kuti galimoto anangomusungitsa, khoti lidzamva iyeyo. Inu mudzatsala ndi ufulu woitanitsa ndalama zanu kwa wogulitsa, pakuti lamulo lomweli limati aliyense wogulitsa katundu amakhala walonjeza kuti ali ndi mphamvu yogulitsa. Ufuluwo ndi weniweni, koma kuwina mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Munthu amene anadya kale ndalamazo, alibe nyumba, alibe munda, foni anazimitsa, mudzamulanda chiyani?

Zoona bulubuku payokha si umboni wotheratu wa umwini. Galimoto zambiri m'misewu yathu zadutsa m'manja atatu kapena anayi dzina lili la munthu woyamba. N'kutheka ndithu kuti wogulitsa wanuyo sakunama. Koma kutsimikiza zimenezo ndi katundu wake, osati wanu. Amuuze mlamu wakeyo alankhule nanu, atumize chithunzi cha chiphaso chake, ndipo ngati sangabwere alembe kalata yomupatsa mphamvu yogulitsa, yosainidwa pamaso pa loya komweko. Musanaidalire kalatayo, pitani nokha ku ofesi ya Road Traffic, ngati muli ku Blantyre ndi pa Ginnery Corner, mukafunse ngati angailandire. Chiyambireni dongosolo latsopano la makompyuta la MalTIS mu 2015, munthu amadziwika ndi khadi lake la Traffic Register ndi zidindo za zala, ndiye kusintha umwini mwiniwake kulibe si nkhani yapafupi. Inunso khadi limeneli muli nalo kale, poti munadutsa momwemo potenga laisensi. Madobadoba oima pageti adzakuuzani kuti zonse zitheka ndi kangachepe. Mapepala otuluka mwa njira imeneyo akadzakanidwa, dobadobayo simudzamuonanso.

Ine ndikanakhala inu ndikanadikira Disembala, kapena kuyang'ana Passo ina. Zilipo zambiri.

Tinene kuti mwapeza ina, mwiniwake alipo. Musanakambe za mtengo, tsegulani boneti muwerenge nambala ya chasisi ndi ya injini, chilembo ndi chilembo, muyerekeze ndi za m'bulubuku. Pakaoneka popalidwa kapena powotcherera pafupi ndi nambalazo, bwererani. Pitani nayo kupolisi akaione ngati siili pa mndandanda wa galimoto zobedwa, wa kuno kapena wa Interpol, makamaka ngati inalowa kuchokera ku South Africa kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza. Galimoto yobedwa apolisi amailanda, ndipo mtengo ukakhala wotsika mokayikitsa, wogula naye amafunsidwa ngati sanadziwe, chifukwa kulandira katundu wakuba ukudziwa ndi mlandu pansi pa Penal Code.

Kenako msonkho. Galimoto zochokera ku Japan zimene zimatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe zimayenera kulipiridwa msonkho ku MRA zisanalembetsedwe. Ngati msonkhowo unazembedwa, a MRA amagwira galimotoyo, safunsa kuti anazemba ndani. Chenjeraninso ndi yolowa pa chilolezo chongoyendera, imene idakali ndi nambala yakunja, ndi yolowa mwaulere m'dzina la munthu amene boma linamukhululukira msonkho. Zimenezi sizigulitsidwa a MRA asanavomere. Pemphani mapepala a kasitomu muwaone ndi maso.

Chimene ambiri sachidziwa ndi cha ngongole. Galimoto ikhoza kukhala chikole ku banki kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama, mwiniwake akuyendabe nayo. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 linakhazikitsa kaundula wa zikole zotere ku ofesi ya Registrar General, ndipo aliyense angathe kufufuzamo. Chikole cholembetsedwa chimatsata galimoto kulikonse kumene yapita, ndiye tsiku lina anthu a banki akhoza kudzaitenga pakhomo panu. A katapila salembetsa kumeneko, iwo amangosunga bulubuku yeniyeni m'kabati. N'chifukwa chake wogulitsa wokuonetsani fotokope, n'kumati yeniyeni inasowa posamuka, musamumvere chisoni msanga.

Za ubwino wa galimotoyo, lamulo silikukomerani kwenikweni mukamagula kwa munthu wamba. Lonjezo loti katundu ndi woyenera kugulitsidwa limamanga amene malondawo ndi ntchito yawo, monga a pamalo ogulitsira galimoto, ndipo ngakhale iwowo sayankha pa chilema chimene munayenera kuchiona pamene munkayendera galimotoyo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: penti yonyezimira imabisa giyabokosi yotha. Tengani makaniko wanu, osati wobwera ndi wogulitsa, ndipo muiyese m'mawa injini isanatenthe. Zonse zimene wogulitsa akunena pakamwa, zoti sinachitepo ngozi, zoti makilomita ndi enieni, zoti injini sinatsegulidwepo, zilowe m'kalata ya mgwirizano. Zikalembedwa n'kupezeka zabodza, muli ndi poyambira kubweza galimoto kapena kuitanitsa chipukuta misozi. Akakana kuzilemba, wakuuzani kale zoona.

M'kalatamo mukhale maina onse ndi manambala a ziphaso za unzika, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku ndi ola lopatsirana makiyi, mawu oti galimoto ilibe ngongole kapena mlandu, ndi mboni ziwiri. Ola ndalitchula dala, kuti ngozi ndi zindapusa za dzulo zisagwere inu. Ngati pakufunika kuperekako kena kogwirira, kakhale kochepa, ndipo mulembe kuti kadzabwezedwa mapepala akapezeka ndi vuto. Popanda mawu amenewo, wogula akabwerera m'mbuyo ndalama yogwirira imatha kupita. Yotsalayo itumizeni kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina la m'bulubuku, tsiku lomwe nonse awiri mwaima pa kauntala ya Road Traffic.

K9 miliyoniyo musaithere pa galimoto. Pali ndalama yosinthira umwini, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ngati yatha, ndi inshuwalansi. Inshuwalansi ya wogulitsa ndi pangano la iye ndi kampani yake, musaganize kuti yabwera ndi makiyi. Dulani yanu musanatulutse galimoto pageti, chifukwa Road Traffic Act imaletsa kuyenda pamsewu popanda ngakhale ya third party. Dziwaninso kuti imeneyi imalipira amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, mpaka pa malire olembedwa m'pangano la inshuwalansilo, zopitirira apo n'zam'thumba mwanu, ndipo yanu ikaphwanyika siikonzetsa. Kwa dalaivala watsopano nkhani imeneyi si yaing'ono. Ndipo ngati mumtima muli ganizo lonyamulako matola kuti mafuta azidzigula okha, laisensi ya B payokha siikulolani, ndipo kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika muli ndi anthu olipira.

Ngati mwina munatumizako kale ndalama musanandilembere, sungani mauthenga onse a pa WhatsApp ndi umboni wotumizira, jambulani tsamba la malondalo asanalifufute. Mulembereni kalata yoitanitsa ndalamazo, mum'patse masiku 14. Akapanda kubweza, kasumeni ku khoti la majisitireti kapena ku High Court malinga ndi kukula kwa ndalamazo. Lamulo limapereka zaka 6 pa milandu ya mgwirizano, koma munthu wotere musamupatse ngakhale mwezi. Apolisi satolera ngongole, koma zikaoneka kuti galimoto sinali yogulitsa n'komwe, kapena analandiranso ndalama kwa ena pa Passo yomweyo, umenewo ndi mlandu wotenga ndalama mwachinyengo ndipo kadandauleni. Akakhala wa bizinesi yogulitsa galimoto, dandaulo lipitenso ku Competition and Fair Trading Commission. Ndalama ya loya ikavuta, ofesi ya Legal Aid Bureau ikhoza kukuthandizani ikaona kuti simungakwanitse, ndipo popita kumeneko mutenge mapepala onse ndatchulawa.