Mwana akufuna zandege? Bambo musagulitse kaye ng'ombe

Bambo ena a ku Ngabu andilembera kuti mwana wawo wamkazi ali fomu 3, masamu amakhoza, ndipo wakakamira kuti adzakhala payiloti basi. Mafunso awo ndi awiri. Akuti amalume ake a mwanayo anena kuti ndege za mapulopela zomwe zimatera pa Chileka zija ndi zachikale zikupita kokutha, nde kodi ndi zoona? Chachiwiri akufunsa kuti agulitse ng'ombe zingati kuti ayambe kusunga fizi. Palinso mnyamata wa ku Bangula, analemba MSCE, pano amakonza njinga zamoto ndi injini za zigayo, iyeyo akuti upayiloti alibe nawo ntchito koma kodi munthu ngati iye angadzagwireko injini ya ndege? Ndiyankha limodzi poti nkhani yake ndi imodzi.

Bambo, amalumewo muwapatse ulemu wawo koma apa alakwitsa. Ndege ija imene Malawi Airlines imayendetsa pakati pa Chileka ndi KIA, bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, ndi Dash 8 Q400, ndipo mkati mwa injini yake ndi jeti yeniyeni. Imayamwa mpweya kutsogolo, kuupanikiza, kuthiramo mafuta a Jet A-1 (m'bale wake wa palafini amene uja), moto nkuyaka, nde mpweya wotenthawo pothamangira kunja umazungulitsa tabaini. Kusiyana kwake ndi Boeing nkwakuti mphamvu yambiri siikankhira kumbuyo ayi, imalowa mu shafiti, shafiti nkulowa mu giyabokosi imene imachepetsa liwiro kuti pulopela izizungulira bwinobwino, ka 1,020 pa mphindi ponyamuka, ikakhazikika m'mwamba ka 850. Injini zake ndi PW150A za Pratt & Whitney Canada, iliyonse mahosipawa opitirira 5,000, pulopela ya masamba 6 yotalika kupitirira mamita 4 kuchoka nsonga kufika nsonga. Mukadzapezeka pa Chileka mudzayang'anitsitse ikaima, masamba aja amatembenuka kuloza chakuthwa kutsogolo ngati mipeni, chifukwa sali ongomangirira, amapendeka. Akapendeka pang'ono amaluma mpweya pang'ono, akapendeka kwambiri amaluma kwambiri, potera amatembenuzidwa mpaka kukankha mpweya kutsogolo ndege nkuima msanga, ndipo injini imodzi itazima m'mwamba amawaongola kuti asamakoke ndege, inayo nkupitiriza. Chimenecho si chinthu chachikale.

Nanga bwanji osangoyika majeti ponseponse? Ndalama bambo. Kuchoka Chileka kufika KIA mlengalenga ndi pafupifupi makilomita 250 okha. Jeti imasunga mafuta ikakwera mafiti 35,000 kapena kuposa nkukhalitsa kumeneko, koma pa kaulendo kotere ikangomaliza kukwera yayamba kale kutsika, mafuta yamwa ambiri, nthawi yapulumutsa mphindi zowerengeka. Q400 nthawi zambiri siipitirira mafiti 25,000, imathamanga cha m'ma 660 km pa ola, imanyamula anthu 70 ndi kanthu, ndipo siifuna bwalo lalitali. Zili ngati kutenga basi yaikulu ya ku Joni nkumayendetsa pa Nchalo ndi Dyeratu, ikhoza kuyenda koma mwini wake alira. Nchifukwa chake Ethiopian Airlines, amene ali ndi 49 peresenti mu Malawi Airlines chiyambire kuuluka mu 2014, ali ndi ma Q400 ambiri, Air Tanzania alinazo, Jambojet ku Kenya ndi zomwezo, Precision Air amayendetsa ndege za mapulopela za ATR zopangidwa ku Toulouse, ku France, zimene mpaka lero zikutulukabe m'fakitale zatsopano. Air Malawi yakale ija inalinso ndi ATR 42. Tindege ta Cessna Caravan timene timatera pa mabwalo ang'onoang'ono m'malo osungira nyama nato ndi a gulu lomweli, injini imodzi ya PT6.

Ndikudziwa kuti kumtima kuli nkhani ina imene simunaitchule. Ndege ya asilikali imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 nkutenga moyo wa Dr Saulos Chilima ndi anzawo inali Dornier 228, ya mapulopela. Makolo ambiri chichokereni tsiku limenelo akamva pulopela mtima umagunda. Koma ofufuza anakamba za nyengo yoipa ndi kuuluka motsika m'mapiri muli chifunga, sananene kuti mtundu wa injini ndiwo unalakwa.

Tsopano za ng'ombe. Musagulitse. Olo imodzi. Mwanayu ali fomu 3, sukulu ya upayiloti ikadali patali, ndipo fizi yake amalipira madola kapena marandi poti ambiri amakaphunzira ku South Africa, ku Kenya kapena ku sukulu ya Ethiopian ku Addis Ababa. Mukagulitsa lero nkusunga makwacha, mukumbukire za November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anasunga ku banki anadzuka atasauka pomwe ng'ombe m'khola inali ikubereka. Komanso chilungamo chake, khola la ng'ombe la munthu wamba silingamalize ulendo wonsewu. Laisensi yoyamba, PPL, imafuna maola osachepera 40 m'mwamba ndipo siilola kulandira malipiro. Ya ntchito, CPL, imafuna maola cha m'ma 200, ola lililonse mukulipira ndege, mafuta ndi mphunzitsi. Ukamaliza apo uphunzirenso kuuluka ndi zida zokha osaona kunja, uphunzire ndege ya injini ziwiri, kenako type rating, chilolezo cha mtundu wa ndege imene ukayendetseyo, kaya Q400 kaya ATR. Ukaputeni umafuna laisensi yapamwamba, ATPL, maola 1,500. Ndipo ndege kuno kwathu nzochepa, malo satseguka chaka chilichonse, achinyamata ambiri amayamba nkukaunjika maola pa tindege tating'ono kunja ngati ku Maun ku Botswana.

Sindikuti mwana asiye ayi. Yolanda Kaunda anakhala kaputeni woyamba wamkazi wa ku Malawi mu 2016, nde nkhani ya kuti ndi mtsikana isalowepo. Chimene ndikunena nchakuti ndalama yoyamba kuwononga ikhale ya dokotala. Payiloti wa ntchito amafunika chiphaso cha Class 1, amayeza maso, makutu, mtima, BP, shuga, amafunsa za khunyu. Magalasi nthawi zambiri sakaniza munthu bola akuona bwino atavala, koma kulephera kusiyanitsa mitundu, makamaka kufiira ndi kubiriwira, kumatseka khomo. Kuyeza kwa mitunduko nkosavuta, kabuku ka timadontho tokhala ndi manambala mkati, achipatala cha maso amakhala nako. Mupite naye ku Blantyre holide ikubwerayi, mudziwiretu pano osati mutagulitsa khola.

Iwe mwanawe, fizikisi usaisiye, olo anzako akuuze kuti imagwetsa mapointi. Ndikudziwa ma CDSS ambiri kuno labu kulibe, ena mphunzitsi wake ndi mmodzi sukulu yonse, koma limbana nayo, funa mabuku, pita kwa anzako a ku sekondale ya boma ukabwereke manotsi. Masamu, fizikisi, Chingerezi, jogalafe ngati ilipo. Chingerezi chake nchoyankhula pa wailesi, amayesa kuti ufike Level 4 ya ICAO, bungwe loona zandege padziko lonse, nde kumangoloweza galamala sikukwanira. Ndipo fizikisi yake waizolowera kale osadziwa. Kutentha kwathu kwa October kuja kofika madigiri 40 nkupitirira, mpweya ukatentha umapepuka, phiko ndi pulopela zimasowa chogwira, injini imachepa mphamvu, ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Payiloti asananyamuke amawerengera kutentha, kutalika kwa bwalo ndi kulemera kwa katundu, nthawi zina mpaka kutsitsa zikwama. KIA ili mafiti pafupifupi 4,000 pamwamba pa nyanja, nde kumeneko kukatentha masamu amenewa si a pa bolodi.

Achimwene a ku Bangula, inuyo ndiye ine ndimakuonani muli pafupi kuposa mmene mukuganizira. Ndege siinyamuka popanda injiniya wa laisensi kusayina kuti ili bwino, ndipo anthu amenewa amasowa m'maiko ambiri. Koma manja okha sakwanira, kumeneko kulibe zongomvera kulira kwa injini nkumati ndadziwa. Bawuti iliyonse ili ndi muyezo wake womangira wolembedwa m'buku, sipanala iliyonse amaiwerenga pomaliza ntchito, ikasowa imodzi ndege siichoka mpaka ipezeke, ndipo chilichonse wagwira umalemba nkusayina dzina lako. Njira yake yambani ndi pepala, kaya umakaniko kapena zamagetsi ku koleji ya TEVETA ngati Soche, kaya mapointi akulola mechanical kapena electrical engineering ku MUBAS. Kenako sukulu yovomerezeka ya kukonza ndege, Addis Ababa ndi kumene ambiri amaloza. Malamulo a ICAO amafuna zaka 4 ukugwira ntchito pansi pa ena usanapatsidwe laisensi, koma ukadzera sukulu yovomerezeka zimatsika kufika 2. Pali mbali ya thupi la ndege ndi injini, palinso mbali ya zamagetsi ndi makompyuta a m'ndege, inu wa zigayo mwina yoyambayo. Injini za mahelikoputa ambiri amene ankabweretsa chakudya ku East Bank nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 ndi a banja lomweli, nde luso lake silithera pa ndege imodzi.

Pali ntchito zinanso zoyang'anira ndege pa nsanja, zanyengo, zozimitsa moto pa bwalo, zimenezi muzitsata zotsatsa za boma m'nyuzi. Nthambi ya ndege ya MDF nayonso ndi khomo kwa amene usilikali sawuopa. Za madroni kuli African Drone and Data Academy imene inayamba mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, amatsatsa okha akafuna ophunzira.

Chomaliza kwa nonse awiri, aliyense wokutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti ali ndi sikolashipu ya upayiloti tumizani ya fomu pa foni, mubulokeni. Sukulu iliyonse musanalipire kobiri funsani nambala ya chilolezo chake kuchokera ku bungwe loona zandege la dziko lakelo, muitsimikize pa webusaiti ya bungwelo osati ya sukuluyo, kenako mufunse akuluakulu oona zandege kuno ku Malawi ngati laisensi ya kumeneko amaivomera kuisintha kukhala yakuno.