Pickup ya V8 pa ngongole: muyambe mwawerenga magaloni

Funso la sabata ino lachokera kwa m'bale wathu amene akukhala ku Indiana, ku America. Akuti iye ndi mayi a kunyumba ali ndi kabizinesi kokonza m'nyumba za anthu ndi m'maofesi, pa chaka amayenda mamailosi 20,000, ndipo akufuna kutenga Ford F-150 ya V8, pickup yaikulu ya injini ya masilinda 8, pa ngongole chifukwa mnzawo wawauza kuti galimoto yaikulu imachepetsa msonkho. Akuti ikadzatha ngongole adzaitumiza kumudzi. Koma mwana wawo wamkazi wa ku sekondale akuwakalipira kuti chigalimoto chimenecho chikuononga dziko, nde akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, ine ndiyamba ndi funso limene ogulitsa magalimoto sakufunsani: kodi m'galimotomo mumanyamula chani tsiku ndi tsiku? Mwanena nokha kuti ndi vacuum, ndowa, mopu ndi mabotolo a sopo. Katundu ameneyo olo Corolla anyamula, kumbuyo kutsala malo. Nde musanayambe za msonkho kapena za mwana wanuyo, tiyeni tione kaye zimene chigalimotochi chimamwa.

Galoni ya ku America ndi malita 3.785. F-150 ya V8, mukaphatikiza kuyenda m'tauni ndi pamsewu waukulu, imayenda mamailosi 18 kapena 19 pa galoni, kwa ife tinazolowera makilomita ndiye kuti cha m'ma 7.5 mpaka 8 pa lita, ndipo zimenezo ndi za pa pepala, mukamaima pa nyumba iliyonse, injini ili chilirire nthawi yozizira ija mukudikira kuti mkati mufunde, zimatsika kuposa pamenepo. Mamailosi anu 20,000 aja tikagawa ndi 18 akutipatsa magaloni opitirira 1,100 pa chaka. Tingoyerekeza kuti galoni ili pa $3.50, ndiye $3,900 imeneyo yangopita pa petulo basi. Tsopano tengani kapickup kakang'ono ka Ford komweko, Maverick ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, kamene kamayenda mamailosi cha m'ma 37 pa galoni. Magaloni 540, ndalama $1,900. Kusiyana kwake ndi $2,000 pa chaka, zaka zisanu za ngongole ndi $10,000, ndipo sitinakhudze matayala omwe ndi aakulu komanso odula, inshuwaransi, oilo wa injini yomwe imafuna wambiri, ndi chiwongola dzanja pa ngongole yokulirapo. Dzifunseni kuti pamafunika kukolopa nyumba zingati kuti mupeze $2,000 ya phindu lenileni, osati yolowa chabe.

Ndipo $3.50 ija sinalembedwe pamwala. Mu June 2022 mtengo wa galoni, pa avareji ya dziko lonse la America, unadutsa $5, amene analipo akukumbuka mmene anthu ankadandaulira pa pampu. Pa mtengo umenewo kusiyana kuja kukufika $2,800 ndi kanthu. Zinachitikanso mu 2008, galoni itadutsa $4 anthu anayamba kuthawa zigalimoto zikuluzikulu, zogwiritsidwa kale ntchito zinagwa mtengo, ndipo Hummer, imene H2 yake inkayenda mamailosi 10 okha pa galoni kapena kupitirira pang'ono, General Motors inaitseka mu 2010. Vuto la galimoto yakumwa ndi limeneli, tsiku limene mukufuna kuigulitsa chifukwa mafuta akwera ndi tsiku lomwelo aliyense sakuifuna, nde mumapezeka ngongole yatsala ndi yoposa mtengo wa galimotoyo.

Mwina mukudabwa kuti nanga bwanji aliyense mumsewu wanu ali nacho. Sikuti onse ndi alimi kapena omanga nyumba ayi. Maiko achiarabu atatseka mafuta mu 1973, boma la America linakhazikitsa malamulo a CAFE mu 1975 okakamiza makampani kupanga magalimoto osamwa kwambiri, koma ma pickup ndi anzake anawapatsa muyezo wofewa poti ankati ndi zida za ntchito. Msonkho wa galimoto zakumwa umene unabwera mu 1978 unagwera magalimoto wamba, ma pickup ndi ma SUV osawakhudza. Kulinso msonkho wakale wa 25 peresenti pa ma pickup ochokera kunja, wa mu 1964, umene unayamba ndi mkangano wa nkhuku pakati pa America ndi Ulaya, nkhani yoseketsa koma mpaka lero ukugwirabe ntchito. Makampani ataona pamene pali mpata anathamangira pomwepo, phindu lawo lalikulu lili pa zazikuluzo, ndipo F-Series, banja la ma pickup a Ford momwe muli F-150, yakhala ikutsogola pa malonda kwa zaka zoposa 40. Onjezerani kuti msonkho wa boma lalikulu pa galoni uli pa masenti 18.4 chiyambire 1993 osasuntha, mumvetsa chifukwa chake munthu wa ku London akaona zimenezi amagwira pakamwa.

Za mnzanu uja tsopano. Sakunama kwenikweni, koma wakuuzani theka. Pali gawo la malamulo a msonkho lotchedwa Section 179, limene limalola wabizinesi kuchotsa ndalama zambiri za galimoto pa phindu lake chaka chomwe wagulacho ngati galimotoyo ili ya kulemera kopitirira mapaundi 6,000 ikadzaza, mpaka anthu ankaunena kuti mpata wa Hummer. Koma kuchotsa pa phindu si kubwezeredwa ndalama. Mukawononga $1,000 kuti msonkho utsike ndi $250, mwatayabe $750, ndipo ngati kabizinesi kanu phindu lake ndi lochepa ndiye palibenso chambiri choti muchotsepo. Galimotoyo iyenera kugwira ntchito ya bizinesi kuposa theka la maulendo ake, ikatsika pamenepo IRS, bungwe la msonkho la ku America, imafuna zina zibwerere. China chimene anthu amaiwala, mukasankha njira imeneyi simungagwiritsenso ntchito njira yowerengera mailosi pa galimoto yomweyo, pomwe mu 2024 IRS inkalola kuchotsa pa phindu masenti 67 pa mailosi iliyonse. Pa 20,000 anu aja, ngati onse ali a bizinesi, ndi $13,400, ndipo mtengowo ndi womwewo kaya mukuyendetsa V8 kaya kahybrid, apa ndi pamene wa galimoto yosamwa amadyerera. Malamulowa amasinthasintha, nde musanasaine kalikonse khalani pansi ndi wokuwerengerani msonkho, osati mnzanu wa ku braai.

Mwana wanuyo musamuone ngati wamwano. Galoni imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 8.9 a carbon dioxide, mpweya umene ukutenthetsa dziko. Magaloni pafupifupi 570 amene V8 imamwa kuposa kahybrid kaja ndi matani asanu chaka chilichonse, pamene galimoto wamba ya ku America chaka chonse imatulutsa cha m'ma 4.6. Ndiye kuti posankha chachikulucho zili ngati mwaonjezera galimoto ina yathunthu pamsewu yopanda wokwera. Ku America mayendedwe ndi amene akutsogola potulutsa mpweya umenewu, kuposa malo opangira magetsi. Ine sindine wa zanyengo ndipo sindinena kuti pickup yanu ndi imene inabweretsa namondwe Freddy ku Chilobwe mu March 2023, zingakhale zabodza, koma ndimaona kuti ife amene abale athu amadalira mvula ya chimanga sitingaiseke nkhaniyi mmene amaisekera anthu ena kumeneko. Chomwe chandisangalatsa n'chakuti pa nkhani yanuyi mwanayo ndi thumba lanu akunena chimodzi, galoni imene simunaotche ndi yomweyo simunalipire.

Zotumiza kumudzizo ndiye ndikukanizani poyera. Chiwongolero chake chili kumanzere pomwe ife timayenda kumanzere kwa msewu, tangoganizani mukufuna kudutsa thiraki pa M1 cha ku Ntcheu, muyenera kutulutsa galimoto yonse kuti muone kutsogolo. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre n'kubwerako ndi makilomita oposa 600, chimenecho chimwa malita opitirira 80 pomwe kaToyota kakang'ono kamaliza ndi theka lake. Mafuta athu amachita kubwera kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ogulidwa ndi madola amene amasowa, ndipo mizere ija inkagona pa filling station ikabweranso, thanki yaikulu siithandiza ngati akukupimirani. Msonkho wa MRA nawo umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto, nde V8 ya zaka zingapo ikulumani kawiri. Kenako sensa imodzi ikafa makaniko akuuzani kuti tiitanitse kunja, galimoto ikhale pamiyala miyezi itatu nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ngati mukufunadi kuti kumudzi kukhale galimoto ya katundu, tumizani ndalama agule Hilux kapena Isuzu ya dizilo imene sipeya zake zili paliponse.

Sindikuti pickup yaikulu ndi yachabe. Mukanandiuza kuti mumakoka ngolo ya makina otchetchera kapinga tsiku lililonse, kapena mumachotsa chipale ndi khasu lija amamangirira kutsogolo, ndikanati gulani, koma muike mafutawo pa mtengo umene mumatchaja makasitomala, chifukwa ikamakoka imamwa moposa 18 uja. Inu zanu si zimenezo. Tengani hybrid yaing'ono kapena minivan yogwiritsidwapo kale ntchito, imenenso katundu wanu sanyowa mvula ndipo mutha kukhoma. Tsiku limene mwapeza ntchito yotulutsa masofa m'nyumba ya munthu, kabwerekeni pickup ku U-Haul, kampani yobwereketsa magalimoto, tsiku limodzilo, ndalama yake muiphatikize pa invoice.

Mwezi ukubwerawu sungani malisiti onse a petulo ndi kakope kolemba mamailosi a tsiku lililonse, a bizinesi padera, a kutchalitchi ndi kogula zinthu padera. Mukamaliza munditumizire manambalawo pamodzi ndi chiwongola dzanja chimene banki yakuuzani, tiwerengere limodzi magalimoto awiri kapena atatu amene mwawaona. Mwanayo mumupatse calculator achite nawo.