Ayambire pa khoma limodzi ndi malisiti

Aphunzitsi, mwati akupatsani phunziro la kawerengedwe ka ndalama kuti muphunzitse ana a uinjiniya, koma iwo akuti zimenezo ndi za akalaliki a mu ofesi, ndiye mukusowa poyambira. Inenso ndinkaganiza choncho ndili pa msinkhu wawo, mpaka zinandionekera.

Ntchito yoyamba imene ndinagwira pandekha inali yomanga chipinda chophunziriramo ndi zimbudzi kumudzi wina ku Angónia, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique. Mitengo ya simenti, zitsulo ndi malata ndinafunsa mumzinda wa Tete, n'kuilemba momwemo. Sindinaikepo zoti kuchokera ku Tete kukafika ku Ulongwe, likulu la Angónia, ndi makilomita opitirira 200, komanso kuti ukasiya tala n'kulowa kumudzi, mu Januwale lole siyenda. Simenti ina inauma m'matumba tikudikira kuti mvula ikate. Eni ntchito anandilipira patapita miyezi, pamene amisiri anga ankafuna zawo Loweruka lililonse. Chipindacho chilipo mpaka lero, cholimba bwino, koma njinga yanga yamoto ndinagulitsa kuti ndilipire anthu.

Ndiye ine ndikuti musayambe ndi matanthauzo a m'buku. Apatseni khoma. Buloko la masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu limalowa 12.5 pa sikweya mita imodzi. Awerenge okha mabuloko a khoma la mamita 10 kwa 3, achotse malo a chitseko ndi zenera, awonjezere ena osweka potsitsa. Akatero atumeni kusitolo ya zomangira, akafunse mtengo wa thumba la simenti la makilogalamu 50, mtengo wa lole ya mchenga, ndiponso ndalama imene mmisiri amalandira pa tsiku. Gulu lina liwerengere ngati khomalo likumangidwa ku Moatize, lina ku Furancungo, lina ku Zumbo. Akadzaika mapepala awo pamodzi adzaona ndi maso kuti khoma ndi lomwelo koma mitengo ndi itatu. Muwakumbutsenso madzi. Kuno ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, konkire imafuna kuthiriridwa masiku angapo, ndipo pamene palibe mpopi madziwo amagulidwa ndi kunyamulidwa.

Pamene ndimafuna muchedwepo kwambiri ndi apa: phindu ndi ndalama za m'manja si chinthu chimodzi. Ana ambiri, ngakhale anzeru pa masamu, izi zimawapita. Papepala ntchito ikhoza kuonetsa phindu, koma mwezi wachiwiri mulibe ya dizilo chifukwa mwagula katundu yense ndipo mwini ntchito sanalipire gawo lake. Auzeni ajambule mizere ya mwezi ndi mwezi, mbali ino zolowa, mbali iyo zotuluka, pansi zotsala. Kenaka inu muchedwetse malipiro amodzi ndi masiku 60, muone nkhope zawo. Pamenepo ndi pamene amayamba kufunsa za ngongole ndi chiwongoladzanja popanda kuwakakamiza.

Palinso kamsampha kena kamene kamagwira ngakhale akuluakulu. Munthu wawononga 100, waikapo 20, wagulitsa pa 120, ndiye akuti phindu lake ndi 20 peresenti ya zimene walandira. Ayi, 20 pa 120 ndi 16.7. Pa ntchito yaikulu kusiyana kumeneko ndi malipiro a anthu angapo.

Za boma zisasowe pa pepala lawo. IVA, msonkho umene umaikidwa pamwamba pa mtengo wogulitsira, ndi 16 peresenti kuyambira 2023, kale inali 17, ndipo ndalama imeneyo si yanu ngakhale igone mu akaunti yanu. Ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ya antchito, olemba ntchito amapereka 4 peresenti ya malipiro, wantchito 3. Aphunzire kusunga fakitura (lisiti) iliyonse yokhala ndi NUIT, nambala ya wokhoma msonkho, chifukwa kapepala kolemba pamanja kopanda nambala sikadzawathandiza tsiku lowerengera.

Kutha mphamvu kwa makina n'kosavuta kufotokoza. Tiyerekeze chosakanizira konkire mwagula pa mameticais 120,000 ndipo chidzagwira zaka 5. Ndiye kuti chikudya 24,000 pa chaka, 2,000 pa mwezi, chigwire ntchito kapena chigone pansi pa mtengo. Amene saika zimenezi mu orçamento (bajeti ya ntchito) yake amadzadabwa tsiku limene makina afa alibe chogulira ena.

Simunanene ngati ana anu ndi a zomangamanga okhaokha. Ngati ali a migodi, monga amene amaphunzira ku Instituto Superior Politécnico de Tete, chitsanzo chili pakhomo. Malasha a ku Moatize amayenda pa njanji makilomita oposa 900, kudutsa m'Malawi, kuti akafike kudoko la Nacala. Awerenge kuti tani imodzi ikadya ndalama zokumbira, zotsukira ndi za njanji, pamatsala zingati mtengo wa kunja ukatsika. A zamagetsi, ngati a ku Songo pafupi ndi damu la magetsi la Cahora Bassa, apatseni mzere wa mapolo ndi waya wopita kumudzi, awerenge mtengo wa kilomita imodzi.

Kompyuta ibwere pambuyo. Excel ndi yabwino, ine ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma mwana amene sanawerengepo ndi pensulo sadziwa nambala ikalakwika. Ndinaonapo wina atalemba matumba a simenti okwana kumanga nyumba yonse pa kakhitchini, ndipo sanakayike chifukwa makina ndiwo anatulutsa.

Pa mayeso omaliza, aliyense abweretse orçamento ya ntchito yeniyeni ya kwawo, kaya ndi chitsime, kaya chigayo, kaya mlatho waung'ono, ayime kutsogolo, anzake amufunse nambala iliyonse kumene waitenga. Mukafuna, ndikhoza kukutumizirani mapepala a ntchito yanga ya ku Angónia ija, ndifufuta mayina, kuti ana anu apeze okha pamene ndinalakwitsa.