Kodi ndithire epoxy mu Lee-Enfield yanga kuti izilasa bwino?

Bambo wina wandilembera imelo. Ali ndi mfuti yakale ya asilikali a ku Britain, Lee-Enfield No.4 Mk I ya 1943, yomwe amawombera nayo chandamale pa mayadi 100 ndi 200. Akuti zipolopolo zitatu zoyamba zimagwera pamodzi, koma mpope ukangotentha zotsatirazo zimabalalika, china m'mwamba china m'munsi. Mnzawo wawalangiza kuti mmisiri wa mfuti athire epoxy, guluu wolimba kwambiri, m'thabwa la mfutiyo, kenaka apale mkati kuti mpope usakhudze thabwa paliponse. Akufunsa ngati achite zimenezi.

Bambo, musathamangire. Malangizo a mnzanuwo ndi abwino pa mfuti zina, koma pa yanuyi atha kukuwonongerani zinthu.

Chomwe amisiri amati bedding ndi mmene chitsulo chakhalira m'thabwa. Mfuti ikalira, chitsulo chimakankhira m'mbuyo ndipo mpope umanjenjemera. Chofunika n'chakuti zonse zibwerere pamalo omwewo chipolopolo china chisanatuluke. Pa Mauser ya ku Sweden ya m/96 kapena Springfield M1903, thabwa ndi limodzi kuchokera paphewa mpaka kutsogolo, ndipo pansi pa chitsulo pali dzino limodzi lomwe limalandira mphamvu yonse. Pamenepo epoxy imagwiradi ntchito mosavuta. Lee-Enfield ili ndi matabwa awiri. Lakutsogolo limatsamira pa timalo tiwiri tating'ono chakumbuyo kwake, totchedwa draws, ndipo limapanidwa ndi sikuluwu yaikulu yakutsogolo kwa magazini, yomwe ambiri amaitchula king screw. Timalo timeneti tikaphwanyika kapena kufewa ndi oilo wa zaka 80, thabwa limayamba kusewera, ndipo n'zimene ndikuzikayikira pa mfuti yanu.

Zopala thabwa kuti mpope ulendewere ndiye ndikukukanizani. Mpope wa No.4 anaukonza kuti uzitsamira pa thabwa kumapeto kwenikweni, thabwalo likuukankhira m'mwamba ndi mphamvu ya mapaundi 3 mpaka 5, ndipo n'kutsamirako komwe kumauletsa kugwedezeka mopitirira. Ena amaloza mtundu wina wa Lee-Enfield wotchedwa L39A1, yomwe asilikali a ku Britain ankapikisana nayo, kuti mpope wake sukhudza thabwa. N'zoona, koma uja ndi mpope wonenepa wa 7.62, osati wa .303 ngati wanu. Ngakhale akatswiri a ku Bisley, malo a mipikisano yowombera ku England, monga a kampani ya Fulton, ankasintha malo amene mpope ukutsamira, ena n'kuwasunthira chapakati, ndipo ankachita izi ndi chezulo ndi timatabwa.

Yambani ndi king screw ija. Imadutsa m'kachitsulo kobowoka komwe kamailetsa kufinya thabwa kwambiri. Thabwa likaphwa ndi ukalamba, sikuluwu imafika pa kachitsuloko n'kuima. M'manja mumamva ngati yalimba pomwe thabwa silinapanidwe n'komwe. Pa Mk I palinso china: trigger imakoleka pa chitsulo chapansi chomwe chimakhala pa thabwa, choncho thabwa likasintha, kakhethemulidwe kamasinthanso. N'chifukwa chake pa Mk 2 ya 1949 anaisamutsira pa thupi la mfuti. Unikaninso kukamwa kwa mpope, pakuti chingwe chomwe asilikali ankatsukira chinkadya mbali imodzi, komanso pakhosi pa mpope pomwe cordite, wonga wa m'zipolopolo zakale, ankawaula. Malo awiriwa akatha, palibe bedding ingakuthandizeni.

Ngati vuto lilidi pa draws, mmisiri wodziwa Lee-Enfield amasema gawo lofewalo, n'kulowetsapo kathabwa kolimba ndi guluu. Akatero amapaka mwaye pa chitsulo, kuvalika thabwa, kuvula, kupala pomwe padetsedwa, n'kubwerezanso mpaka mbali zonse ziwiri zitsamire mofanana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndimaikonda chifukwa imabwezera mfuti mmene inatulukira ku fakitale. A ku Lithgow ku Australia ankaika timbale ta kopa pamalo omwewa chifukwa mtengo wawo wa coachwood unkang'aluka msanga.

Ine ndinathirapo epoxy m'thabwa lomwe linamwa oilo, ndisanaliumitse mokwanira. Sinagwire, inasupuka ngati khungwa, ndipo thabwa lomwe ndinasema kuti ilowe silinabwererenso. Chimandipwetekabe mumtima.

Ganiziraninso za mpikisano womwe mukufuna kulowa. Ku America, mipikisano ya bungwe la CMP (Civilian Marksmanship Program) ya mfuti zakale za asilikali imafuna mfuti ikhale monga momwe inkaperekedwera kwa msilikali, ndipo bedding ya epoxy siloledwa. Werengani malamulo a kalabu yanu musanapereke mfuti kwa mmisiri. Osonkhanitsa mfuti zakale nawonso amatsitsa mtengo akaona epoxy, makamaka ngati nambala ya pathabwa ikufanana ndi ya pachitsulo. Mukaumirirabe, gulani thabwa lina lakutsogolo, lothiramo epoxy ya Acraglas kapena Devcon likhale limenelo, loyambalo mulisunge pouma. Ndipo chitsulo chipakidwe phula mokwanira, apo ayi chidzamatirira m'thabwa mpaka kalekale.

Musanawononge ndalama, tsimikizani kuti mfuti ilibe chipolopolo, muikepo kachidutswa kopyapyala ka cork pansi pa mpope kumapeto kwa thabwa. Womberani zipolopolo 10 za mtundu umodzi muli chigonere, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga, kenaka muchotse cork muwomberenso 10 mpope utazizira. Munditumizire zithunzi za mapepala onse awiri komanso za draws, tione pomwe pali vuto.